Momwe mungagwiritsire ntchito mafanizo pophunzitsa mfundo zosaoneka ndi maso

Mphunzitsi aliyense amene anaimapo pa bolodi amadziwa kuti pali mfundo zina zimene mwana sangazione ndi maso kapena kuzikhudza ndi manja. Magetsi oyenda mu waya saoneka, chakudya chimene tsamba la chimanga limapanga sichioneka, ndipo nambala yochepera ziro palibe amene angainyamule n'kubwera nayo m'kalasi. Tikafika pa mfundo zoterezi timathamangira ku fanizo, kunena kuti chinthu chachilendochi chili ngati chakutichakuti chimene mwana amachidziwa kale. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo sitingathe kuphunzitsa popanda iyo, koma ili ndi vuto limodzi lalikulu: mwana amalandira fanizo lonse lathunthu, mbali yoona ndi mbali yosokeretsa yomwe, ndipo mbali yosokeretsayo ikakhazikika m'mutu mwake ali Sitandade 5 imatha kumuperekeza mpaka pa mayeso a MSCE. Malangizo ali m'munsimuwa ndi a aphunzitsi anzanga a ku pulayimale ndi ku sekondale kuno ku Kasungu, makamaka amene angotuluka kumene ku koleji, ndipo cholinga chake n'chakuti fanizo lililonse limene mwalowa nalo m'kalasi muzidziwa pamene likuyambira, pamene likuthera, ndi nthawi yoyenera kulisiya.

Yambani ndi mfundo, fanizo libwere pambuyo

Musanaganize za fanizo, lembani mfundo imene mukufuna kuti ophunzira atuluke nayo, ndipo muilembe m'chiganizo chimodzi chathunthu pa chikonzekero cha phunziro lanu. Mawu akuti "magetsi" ndi mutu chabe wa phunziro, si mfundo. Mfundo ndi yakuti magetsi amayenda pokhapokha njira yake ikhale yozungulira ndi yosaduka, ndipo chimene chimatha mu batire ndi mphamvu, osati tinthu timene timayenda mu wayamo. Mukalephera kulemba chiganizo chotere, ndiye kuti nanunso mfundoyo simunaigwire bwino, ndipo fanizo lililonse limene mungasankhe lidzangosangalatsa ana osawaphunzitsa kanthu. Bwererani ku buku la mphunzitsi kapena mufunse mnzanu wa phunzirolo kufikira chiganizocho chitatuluka.

Mukatero, dzifunseni ngati fanizo likufunikadi. Pophunzitsa magawo a mbewu ya mtedza palibe chifukwa choyerekezera ndi china chilichonse, popeza mtedzawo mungathe kuuzula kuseri kwa sukulu n'kubwera nawo ndi mizu yake yomwe. Fanizo lisungireni zinthu zimene ndi zazing'ono kwambiri, zazikulu kwambiri, kapena zongoganizira m'mutu.

Sankhani chimene mwana amachidziwadi

Mabuku ambiri a sayansi amayerekeza magetsi ndi madzi oyenda m'mapaipi. Mwana wa m'tauni ya Kasungu amene kwawo kuli mpopi wa madzi ochokera ku damu la Chitete angathe kutsatirako pang'ono, koma mwana amene amatunga pa mjigo kapena pa chitsime sanaonepo mapaipi olumikizana, ndipo mukamufanizira chinthu chachilendo ndi chinanso chachilendo mwamupatsa mavuto awiri m'malo mwa limodzi. Kuonjezera apo, fanizo la madzi limasokeretsa pa mfundo yeniyeniyo, chifukwa paipi ikaduka madzi amatayika pansi, pamene waya akaduka magetsi amangoima. Ana ena amafika poganiza kuti magetsi amadontha pa soketi imene sipanalumikizidwe kanthu.

N'chimodzimodzinso ndi sikelo pophunzitsa masamu a ikweshoni. Timakonda kunena kuti chizindikiro cha kufanana chili ngati sikelo, mbali ziwiri zizilemera mofanana. Koma sikelo imene mwana wa kwa Santhe kapena ku Chamama amaiona kwa ogula soya ndi mtedza ndi yopachika pa mtengo, ya ngowe imodzi ndi muvi woloza manambala, ndipo ilibe mbali ziwiri. Mukangotchula sikelo, iye akuona imeneyo, inu mukuganiza ina. Choncho ipangeni nokha: tengani kamtengo kowongoka, mumange chingwe pakati pake penipeni, ndipo kumapeto konse kuwiri mupachike zitini ziwiri zofanana. Mu chitini chimodzi ikani misomali 8 yofanana kukula, mu chinacho misomali 3 pamodzi ndi envelopu yotseka imene mwabisamo misomali 5. Ana akaona kuti kamtengo kaima mopingasa bwino, afunseni kuti mu envelopumo muli misomali ingati, ndipo pofuna kudziwa achotse misomali 3 mbali iyi ndi 3 mbali inayo. Akatero ndiye mulembe pa bolodi x + 3 = 8. Iyi ndi njira ija ya TALULAR imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa, yophunzitsa ndi zipangizo zopezeka pamalopo, ndipo ubwino wake pano ndi wakuti fanizo limene silinali m'moyo wa mwana mwalibweretsa pamaso pake.

Posankha, musanyengeke ndi maonekedwe. Katswiri wina wa ku America wofufuza za kaganizidwe ka anthu, Dedre Gentner, anafotokoza mu 1983 kuti fanizo limagwira ntchito chifukwa cha kufanana kwa mmene zinthu zimagwirizanirana, osati kufanana kwa nkhope zake. Paipi ndi waya n'zofanana maonekedwe, zonse ndi zazitali ndi zowonda, koma tcheni cha njinga, chimene sichifanana ndi waya m'pang'ono pomwe, ndicho chimaonetsa bwino mmene magetsi amayendera.

Phunziro la magetsi pogwiritsa ntchito njinga

Njinga ndi chinthu chimene mwana wa kuno amachidziwa mpaka m'kati. Amaiona ndi akabaza pa depoti, amaiona itasenza matumba a chimanga popita kuchigayo, ndipo ambiri anabwezerapo tcheni chitagwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, pomanga makina ake a mphepo opangira magetsi ali mnyamata, anagwiritsa ntchito felemu ya njinga ndi dayinamo yake, ndipo kutchula zimenezi poyamba phunziro kumathandiza ana kuona kuti njinga ndi magetsi si zinthu zotalikirana.

Chiyambire 1994, pamene maphunziro a ku pulayimale anakhala aulere, makalasi athu ndi odzaza, ena mpaka kupitirira ana 100, kotero kuti chinthu choikidwa pa tebulo la mphunzitsi amachiona ndi a kutsogolo okha. Tulukani nawo panja, akhale mozungulira pansi pa mtengo, aafupi kutsogolo. Yambani ndi chinthu chenichenicho: batire ya tochi ya mavoti 1.5, babu laling'ono ndi mawaya awiri. Yatsani babu, kenako chotsani waya mmodzi kuti lizime, ndipo muwafunse chifukwa chake. Mvetserani mayankho awo osawadzudzula. Ambiri adzanena kuti magetsi amachoka mu batire n'kukathera m'babu, ndipo ena adzafunsa kuti nanga waya wachiwiriyo ndi wantchito yanji. Funso limeneli ndilo khomo la phunziro lonse.

Tsopano gadabuzani njinga, chishalo chikhale pansi, matayala m'mwamba. Pakani choko pa kachitsulo kamodzi ka tcheni kuti kazioneka, ndipo itanani mwana mmodzi azungulitse chopalasira ndi dzanja pang'onopang'ono. Auzeni ana kuti atsatire kachitsulo koyerako ndi maso. Adzakaona kakupita ku tayala lakumbuyo, kakuzungulira, n'kubwereranso kuchopalasira kali chimodzimodzi. Afunseni ngati tcheni chafupika chifukwa chozungulitsa tayala, ndipo onse adzakana. Afunseninso chimene chikutha, ndipo mwana wozungulitsayo ndiye adzayankhe, chifukwa mkono wake wayamba kulema.

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amadumpha, poganiza kuti ana alumikiza okha. Musadumphe. Tchulani chimodzichimodzi, ndipo mukabwerera m'kalasi mulembe pa bolodi mbali ziwiri zoyang'anizana: dzanja ndi chopalasira zikuimira batire, tcheni chikuimira tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma electron timene tili mu waya, tayala lozungulira likuimira babu loyaka, ndipo kutopa kwa mkono kukuimira kutha kwa batire. Tcheni chinalipo kale mwana asanayambe kuzungulitsa, monga momwe ma electron amakhalira ali kale mu waya, ndipo batire imangowakankha. Tcheni chonse chimayamba kuyenda nthawi imodzi, n'chifukwa chake babu limayaka pompopompo ngakhale waya akhale wautali. Tcheni chili ndi mbali yopita ndi mbali yobwerera, ndipo limenelo ndilo yankho la funso la waya wachiwiri.

Musanatseke phunziro, auzeni pamene njinga yasiyana ndi magetsi, kapena, chimene chili bwino koposa, afunseni kuti apeze okha. Mukasiya kupalasa tayala limapitiriza kuzungulira kwa kanthawi, koma mukachotsa batire babu la tochi limazima nthawi yomweyo. Tcheni sichingagawike njira ziwiri, pamene magetsi amatha kugawikana kupita ku mababu awiri olumikizidwa mbali ndi mbali, kotero kuti mukadzafika pa phunziro limenelo njinga idzakhala yatha ntchito. Shawn Glynn, amene anakonza ndondomeko yodziwika yophunzitsira sayansi ndi mafanizo, anaika kuonetsa pamene fanizo laduka ngati sitepe yakeyake yosayenera kudumphidwa. Ine ndimaona kuti pa masitepe onse imeneyi ndiyo yofunika kwambiri, ndipo ndi imenenso imatsala belu likalira. Igawireni mphindi zake zisanu pa chikonzekero chanu kuti isamadalire nthawi yotsala.

Mafanizo amene ana amabwera nawo kuchokera kunyumba

Ntchito ina yovuta ndi yolimbana ndi mafanizo amene simunabweretse inu. Pano pa Kasungu palibe mwana amene sanamvepo kuti feteleza ndi chakudya cha mbewu, ndipo amamva zimenezi kwa makolo ake amene amawakhulupirira kuposa buku. Mukadzaphunzitsa photosynthesis, kuti mbewu imapanga yokha chakudya chake m'masamba pogwiritsa ntchito madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi kuwala kwa dzuwa, mwanayo adzaloweza chiganizocho kuti akhoze mayeso, koma mumtima adzakhalabe akudziwa kuti chimanga chimadya feteleza kudzera m'mizu. Musanene kuti makolo ake ndi olakwa, popeza iwo akuona zoona: chimanga chopanda feteleza chimachita chikasu n'kupinimbira. Chimene muyenera kuchita ndi kuika feteleza pamalo pake. Feteleza wa Urea ali ndi nayitirojeni wokwana magawo 46 pa 100 aliwonse, ndipo nayitirojeniyo mbewu imamufuna popanga chlorophyll, chimene chimabiriwitsa tsamba ndi kugwira kuwala. Akasowa, tsamba limachita chikasu ndipo limalephera kupanga shuga wokwanira. Choncho feteleza amapereka michere yothandiza tsamba kugwira ntchito yake, koma ufa umene uli m'chisononkho unapangidwa ndi tsambalo.

Pofuna kugwedeza ganizo lakalelo, afotokozereni zimene anachita Jan Baptist van Helmont, wasayansi wa ku Brussels wa m'zaka za m'ma 1600. Iye anabzala kamtengo mu mphika wa dothi loyeza kulemera kwake, n'kumangokathirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unaonjezera makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Afunseni ana kuti kulemera konseko kunachokera kuti, ndipo muwasiye akangane m'magulu. Mwiniwakeyo anaganiza kuti kunachokera ku madzi okha, chifukwa za mpweya wolowa m'masamba zinali zisanadziwike, ndipo n'kwabwino kuti ana amve kuti ngakhale wofufuza wosamala angathe kupeza theka la yankho.

Ambiri timafanizira tsamba ndi khitchini, dzuwa n'kukhala moto. Ligwiritseni ntchito ngati mukufuna, koma nenani momveka kuti tsamba limagwiritsa ntchito kuwala, osati kutentha monga mphika, ndiponso kuti ufa ndi chakudya kale usanaphikidwe, pamene madzi ndi mpweya si chakudya kufikira tsamba litazisandutsa shuga.

Fanizo lina lochokera kunyumba ndi la kuotha moto. Mukafunsa chifukwa chimene kumazizira mu Juni ndi Julaye, ana adzayankha kuti dziko lapansi latalikirana ndi dzuwa, monga munthu wokhala kutali ndi moto. Yankho limeneli ndi lovuta kulichotsa kuno kwathu, chifukwa n'zoona kuti kumayambiriro kwa Julaye dziko limakhala patali kwambiri ndi dzuwa, makilomita pafupifupi 152 miliyoni, poyerekeza ndi 147 miliyoni kumayambiriro kwa Januwale. Komatu mwezi womwewo wa Julaye ku London kumakhala nyengo yotentha, ndipo London ali pa dziko lapansi lomweli. Chimene chimasintha nyengo ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri pafupifupi 23.5. Walitsani tochi molunjika pa khoma, kenako muipendeketse, ndipo ana adzaona kuwala komweko kukumwazika pa malo aakulu n'kufooka. Ndiye muwatume aziyeza mthunzi wa mtengo wa mbendera masana dzuwa lili paliwombo, kamodzi pa mwezi, n'kumalemba m'kope la kalasi. Mu Juni mthunziwo udzakhala wautali woloza kumwera, ndipo chakumapeto kwa Okutobala udzatsala pang'ono kutheratu, chifukwa dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa Kasungu.

Masamu

M'makalasi aang'ono, mitolo ya timitengo khumikhumi ndi fanizo limene silikhumudwitsa. Pochotsera 17 pa 42, mwana ali ndi mitolo 4 ndi timitengo 2, ndipo sangachotse 7 pa 2. Amasule mtolo umodzi, atsale ndi mitolo 3 ndi timitengo 12, achotse 7 ndi mtolo umodzi, apeze 25. Ndikukulimbikitsani kunena kuti tamasula mtolo m'malo monena kuti tabwereka, chifukwa chobwereka chimabwezedwa, ndipo pali ana amene amasokonezeka pofunafuna pobwezera, pamene kumasula mtolo kukuonetsa kuti 42 sanasinthe, tangomukonza mwa mtundu wina.

Pa manambala ochepera ziro, sikelo ija yathera pomwepo, popeza simungaike misomali yochepera ziro m'chitini. Apa ngongole ya ku golosale imathandiza. Amene ali ndi ngongole ya K500 ali pa −500, akabweza K200 afika pa −300, ndipo mwana aliyense amavomereza kuti wa ngongole ya K500 ndi wosauka kuposa wa ngongole ya K200, zimene zimamuthandiza kuona chifukwa chake −500 ndi wochepa kuposa −200. Koma musakakamize ngongole kufotokoza chifukwa chimene −2 kuchulukitsa ndi −3 zimapereka 6, chifukwa ngongole kuchulukitsa ndi ngongole sizitanthauza kanthu. Pamenepo lembani mndandanda pa bolodi: 3 kuchulukitsa ndi −2 ndi −6, 2 kuchulukitsa ndi −2 ndi −4, 1 kuchulukitsa ndi −2 ndi −2, ziro kuchulukitsa ndi −2 ndi ziro. Ana aone kuti yankho likukwera ndi 2 nthawi iliyonse, ndipo apitirize okha mzere wotsatira.

Samalani ndi fanizo lopweteka

Pophunzitsa za chitetezo cha m'thupi tonse timanena za asilikali a m'thupi, ndipo fanizoli limamveka msanga. Kumbukirani kuti m'kalasi mwanumo mungathe kukhala mwana amene akumwa ma ARV kapena amene akudwazika mayi ake. Mukanena kuti kachilombo ka HIV kamapha asilikali onse ndipo thupi limagonja, mwanayo wamva kuti iye ndi wogonja. Pitirizani nkhaniyo mpaka kumapeto kwake koona, kuti mankhwala akamamwedwa mwandondomeko amaletsa kachilomboko kuswana ndipo chitetezo chimakweranso. Pewaninso kugwiritsa ntchito thupi, khungu, umphawi kapena mtundu wa mwana wina aliyense ngati fanizo, ngakhale mukuona ngati n'zoseketsa chabe.

Kuyesa ngati mfundo yalowa

Mayeso a MANEB safunsa za tcheni cha njinga, ndipo kupatula phunziro la Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Choncho fanizo lifotokozeni m'chiyankhulo chimene ana amaganizira, Chichewa, kapena Chitumbuka kumene ana ambiri amayankhula chimenecho monga madera ena a kumpoto kwa boma lino, koma mawu enieni a phunzirolo muwalembe pa bolodi m'Chingerezi, muwatchule pamodzi ndi ana, ndipo chiganizo cha mfundo chimene alembe m'makope mwawo chisakhale ndi njinga kapena khitchini m'kati mwake.

Patapita masiku angapo, afunseni funso limene fanizo silinakhudze. Jambulani batire ndi mababu awiri otsatizana pa waya mmodzi wozungulira, ndipo mufunse ngati magetsi obwerera ku batire ndi ochepa kuposa amene anatuluka. Mwana amene wangoloweza nkhani ya njinga adzakuuzani za kachitsulo kopaka choko, koma amene wagwira mfundo adzanena kuti ndi ofanana ndipo adzapereka chifukwa. Njira ina yabwino ndi kuwauza kuti m'magulu apeze fanizo lawolawo la mfundo yomweyo, atchule zimene zikufanana ndi chimodzi chimene sichikufanana. Ena adzabweretsa lamba wa pachigayo, amene ndi fanizo labwino kwambiri, ndipo ena adzabweretsa lolakwika limene lidzakuonetseni msanga pamene asokonezeka, kuposa mmene mayeso olemba akanakuonetserani.

Pomaliza phunziro lililonse lotere, lembani mizere iwiri kapena itatu m'munsi mwa chikonzekero chanu: fanizo limene munagwiritsa ntchito, funso la mwana limene linakudabwitsani, ndi ganizo lolakwika limene linatulukira. Tengani zolembazo popita ku msonkhano wa aphunzitsi ku TDC (Teacher Development Centre, malo okumanirako aphunzitsi) ya zoni yanu, ndipo mukambirane makamaka ndi mphunzitsi wa kalasi yotsatira, kuti adziwe mafanizo amene ana akubwera nawo kuchokera kwa inu ndi pamene munawauza kuti mafanizowo amathera.